Basi Inaima pa Geti, Ine Sindinatsike

Makalata anabwera awiri chaka chimenecho, onse ondiitana ku yunivesite za boma. Ya ku Lusaka inandipatsa malo a uphunzitsi, omwe ndinangolemba pofuna kudzaza pepala. Ya ku Kitwe, kumigodi, inandipatsa za nkhalango, zomwe mtima wanga unkafuna chionereni mitengo ya kwathu ku Msanzala ikuthera m'matumba a makala.

Kwathu mwana ndi wa kuchikazi, choncho mawu omaliza sanali a bambo anga koma a amalume, mlongo wawo wa amayi. Anali kalaliki wopuma pa boma la Petauke, munthu wovala tayi ngakhale pokagula mchere. Kwa iwo yunivesite inali imodzi basi m'dziko muno. Nduna, maloya ndi madokotala omwe ankawadziwa anadutsa ya ku Lusaka, ndipo inayo ankaitcha koleji, mlomo atapinda. Za nkhalango ndiye anaseka mpaka kutsokomola. Ati mitengo yadzaza ku Sandwe, munthu angakwerere basi kukaiphunzira?

Ndinakafunsa aphunzitsi anga a sayansi, omwe anachokera chigawo china. Anavomera kuti ya ku Lusaka ndi yakale ndipo dzina lake ndi lolemera, koma anati dzina sililowa nawe m'kalasi. Zonse ziwiri zimaphunzitsa bwino, chachikulu n'chakuti chimene ukufunacho chili kuti. Ndinawauza amalume katatu kuti ndikupita ku Kitwe. Katatu konse anandiyankha kuti ndidzakula.

Lamulungu lotsatira anaimirira m'tchalitchi ku Minga nthawi ya zolengeza, n'kuuza mpingo wonse kuti mwana wa mlongo wawo akupita ku Lusaka. Amayi a m'kwaya analuluta, ena kundikumbatira. Ine ndinapsa mtima mpaka makutu kutentha. Amalume ankadziwa bwino kuti chimene chalengezedwa m'tchalitchi mwana wamkazi sachitsutsa, ndipo anayesa kuti manyazi andimanga miyendo.

Tsono msewu wochokera kwathu umadutsa pa geti penipeni pa yunivesite ya ku Lusaka. Wopita ku Kitwe amadutsa pomwepo, n'kukasintha basi m'tauni. Amalume anadzipereka kundiperekeza, ndipo ndinadziwa chifukwa chake. Pa Nyimba anandigulira phava la nthochi, chinthu chomwe anali asanachitepo chibadwire changa. Pofika pa mlatho wa Luangwa, basi yonse inali itamva kuti mtsikana wa pawindoyu ndi wa ku yunivesite yeniyeni. Kalata ya ku Kitwe inali m'thumba la siketi yanga.

Masana tikulowa mu Lusaka, amalume anauza kondakitala kuti aimitse pa geti. Anatsika, anatsitsitsa sutikesi yanga, n'kuima pakhomo pa basi, n'kundiuza m'chilankhulo chakwathu kuti nditsike.

"Seluka, iwe. Tafika."

"Amalume, ine siniseluka pano. Ninakuuzani katatu."

"Ufuna kunichititsa nsoni pamaso pa anthu?"

"Nsoni mwazipempha mweka."

Mawu amenewo, oti manyazi awapempha okha, anali achipongwe, ndikudziwa, koma sindinawabweze. Mayi wina kumbuyo anati ana a masiku ano ndi amwano, bambo wina anati musiyeni mwana. Dalaivala anaimba hutala kawiri. Amalume anagwira sutikesi ija mwamphamvu, poganiza kuti palibe mtsikana angasiye zovala zake zonse pamsewu. Apo ndiye analakwitsa. Basi inanyamuka, ndipo ndinawaona pawindo ataima okha, tayi ikuuluka, sutikesi ili pa mapazi. Ndinalira, sindibisa, koma sindinadzuke pampando.

Ku Kitwe ndinafika ndi chitenje chimodzi ndi nthochi. Chitenjecho chinali chofunda, chinali thawulo, ndipo kuzizira kwa kumeneko ndinakumva bwino. Patatha masabata awiri sutikesi inabwera pa basi. Kalata munalibe. Zovala zinali monga ndinazipindira, koma pamwamba panali bulangeti latsopano, lochindikala, lomwe ine sindinaikemo. Pa kakatoni komangirira ku chogwirira analemba dzina langa ndi zilembo zawo zokongola za ukalaliki, pansi pake n'kulemba kuti Koleji ya Mitengo.

Lero ndimagwira ntchito za nkhalango ku Nyimba, ndipo alimi omwe ndimawathandiza kufesa mbande sanandifunsepo kuti ndinaphunzira kuti. Digiri yanga ili pa khoma, kakatoni kaja ndinakakhomera pambali pake. Amalume anabwerapo kangapo kunyumba kwanga. Ankayang'ana khomalo, kukonza tayi, n'kufunsa za mvula.

Anamwalira asanaitchulepo sukulu yanga kuti yunivesite, nanenso sindinapepese. Bulangeti lija ndimafundabe.