Njinga Yopanda Keliyala

Chimene chinandichotsa pa Balaka ndi Twaibu, ngakhale nthawi imeneyo ndinkauza anthu kuti ndi umphawi. Twaibu ndi msuweni wanga, mwana wa amalume. Ndine ndinakamutenga kwathu ku Ngokwe asakudziwa n'komwe kuti dipoti ya basi ili mbali iti, n'kumulowetsa pa siteji yathu ya kabaza. Ine ndinali nditakwatira ku Rivirivi, kwa a Asiyatu, ndipo m'mawa uliwonse ndinkapalasa kubwera m'tauni kudzanyamula anthu. Chaka chisanathe, amayi a geni amene ndinawanyamula kuyambira kalekale anayamba kundidutsa ngati chitsa. "Tidikira Twaibu," ankatero, "iye uja pachitunda satitsitsa." Anali wamtali, miyendo ngati minsi, woseka ndi aliyense. Tsiku lina mayi wina atakhala kale pakeliyala yanga, anaona Twaibu akubwera, basi n'kutsika. Nditafika kunyumba ndinauza a Asiyatu kuti ndikupita ku Joni.

"Mwaganiza liti zimenezi?"

"Kalekale," ndinanama. Ndinali nditaganiza masana omwewo.

Twaibu ankapalasa njinga yobwereka, ndiye ndinamusiyira yanga. Ndinamuuzanso kuti aziyang'anira pakhomo, komanso azikaona amayi anga ku Ngokwe. Ndinalankhula ngati munthu wogawa chuma. Mumtima ndinkati: khala nazo zako zafumbizi, ine ndikabwera ndi chinthu chimene sunachionepo.

Ndinakathera ku Kepu. Miyezi yoyamba ndinkasesa m'mabwalo a anthu, kugona anthu asanu m'chipinda chimodzi cha malata chimene mphepo ya kunyanja inkalowa ngati kwawo. Kenako mnzanga wina wa ku Ntaja anandipezera ntchito yotsuka njinga m'shopu ina. Tsiku loyamba makaniko wa pamenepo, a Moyo, bambo wachikulire wa ku Zimbabwe, anandiuza kuti ndisunthe njinga ina yofiira. Ndinaigwira ndi manja awiri monga ndinazolowera, ndipo inanyamuka mpaka kutsala pang'ono kundimenya kumaso. A Moyo anaseka mpaka kukhosomola. Anaikoloweka pachala chimodzi n'kuikweza m'mwamba.

Kuyambira tsiku limenelo nsanje yanga inapeza koti izidya. Eni ake a njingazo ankabwera Loweruka atavala zothina, thukuta lili kamukamu, kudandaula kuti tcheni ikulira pang'ono. Ena anali ndi mimba zazikulu kuposa za amalume. Ine, amene ndinakwezapo matumba awiri a chimanga pachitunda cha ku Rivirivi, ntchito yanga inali kuwapukutira matope. Ndinkati ndikagwira njinga ya munthu, ndinkaiwerengera zimene ndikanachita nayo ikanakhala yanga.

A Moyo anaona. Chaka chachiwiri anatulutsa felemu yakale imene kasitomala wina anaisiya, yokalika utoto koma yosapindika, n'kunena kuti, "Tenga. Zina uzisaka wekha." Ndinaimanga pang'onopang'ono ngati nyumba. Mahandulo opindikira pansi ndinawatola m'bokosi la zotaya. Tcheni ndi magiya ndinagula zogwiritsidwapo kale. Itatha, ndinafuna kuikwera pomwepo, koma a Moyo anandiletsa. Anandiimika kukhoma wopanda nsapato, n'kuyeza mwendo wanga ndi chingwe. Anandikweza panjinga, chidendene papedulo, akukweza ndi kutsitsa chishalo mpaka mwendo utawongoka bwinobwino. Anati manja anga ndi aafupi, ndiye anasintha kachitsulo kogwira mahandulo n'kuika kakafupi. "Njinga iyi siili ngati yakwanu yokwera mudzi wonse," anatero. "Iyi ndi ya thupi limodzi." Mawu amenewo anandikoma kuposa malipiro.

Lamlungu lililonse ndinkapalasa m'mbali mwa nyanja, ndekha. Magulu a okwera njinga ankandipitirira kapena ine kuwapitirira, ndipo amene ankandiyang'ana ankayang'ana njinga, osati nkhope. Ndinkaima pamalo okongola, kuitsamiritsa pamwala, kuijambula n'kutumiza kunyumba. A Asiyatu anayankha chithunzi choyamba ndi funso limodzi: "Nanga munthu amakhala pati?" Mauthenga awo ena onse, amene ankatumiza a mawu pafoni, ankakhala ndi dzina limodzi lomwelo. A Twaibu afolera denga la khitchini. A Twaibu anapita ku Ngokwe, akuti amayi akupezako bwino. A Twaibu atithandiza kututa. Ndinkamvetsera mawuwo kawirikawiri, kufunafuna mmene a Asiyatu akutchulira dzinalo, ngati akulitchula mofewa kuposa langa. Sindinapeze kanthu, koma kusapezako sikunandichiritse.

Apa ndinene zoona. Chaka chachinayi kasitomala wina ankagulitsa mawilo ake opepuka, akuda, olira ngati njuchi ukasiya kupalasa. Ndalama imene ndinali nayo inali ya feteleza. Ndinagula mawilo, kunyumba n'kuuzako kuti ntchito yachepa. A Asiyatu anangoti, "Chabwino, Mulungu adziwa." Sabata yomweyo ndinawatumizira chithunzi china.

Ndinabwerera nditatha zaka zisanu. Shopu inagulitsidwa, eni atsopano anafuna mapepala, ndipo anga anali atatha kalekale. Anzanga pobwerera amanyamula mafiriji ndi mawailesi. Ine ndinanyamula chikwama chimodzi ndi katoni yaitali imene ndinakangana ndi kondakitala pa malire aliwonse kuti asaikepo katundu pamwamba. Nditatsika pa Balaka sindinapite kunyumba kaye. Ndinatsegula katoniyo pa siteji pomwepo, n'kumanga njinga anthu akuonerera. Izi ndinazilota zaka zonse zija, ndipo zinachitikadi monga ndinalotera: anthu anaunjikana, ena akutsina matayala opyapyala ngati chala, ena akufunsa ngati ili ndi injini yobisika.

Kenako gulu linapatuka, Twaibu n'kulowa. Anali atakhala wapampando wa siteji. Anandikumbatira mpaka nthiti kuwawa, akuti, "Achimwene, mwabwera! Alhamdulillah!" Anainyamula njinga ija, kuitembenuza, kuiyang'ana ngati khanda. Ndinkafuna kuona nsanje pankhope pake. Ndinangoona chimwemwe, ndipo chinandipweteka.

"Ndiyeseko pang'ono?"

"Iyayi. Inayezedwa pathupi langa. Wina akakwera imawonongeka."

Ku Rivirivi njingayo ndinafika nayo nditainyamula paphewa, chifukwa matayala ake ankamira mumchenga ndipo minga ndinkaiopa. Denga la khitchini linalidi lofolera bwino. Tsiku loyamba kuvala zothina zanga, a Asiyatu anatseka chitseko n'kuimirira patsogolo pake. "Apongozi anu ali pakhonde. Muvale thalauzi pamwamba, mukavule mukafika patala." Ndinkachita zomwezo: thalauzi mpaka pamsewu, kenako n'kuipinda kuiika kumsana.

Patapita milungu itatu anyamata a kabaza anayambitsa mkangano. Ena ankati njinga yanga ingafike ku Liwonde munthu asanamalize kumwa tiyi, ena ankati Twaibu angaigwire ndi chikale chake chomwecho. Tinapangana Lamlungu m'mawa, kuchokera pa siteji mpaka pamlatho wa Shire, ndipo wanjinga yamoto wina, a Kalonga, anatiperekeza ngati mboni. Twaibu anabwera ndi njinga yanga yakale ija, keliyala yake itawotcheredwa kawiri, pachishalo atakulungapo nsanza. Popita panalibe mpikisano. Ndinawerama, kusintha giya, Twaibu n'kusanduka kadontho kumbuyo. Pamlatho ndinamwa madzi, kupuma, thukuta mpaka kuuma, iye asanatulukire.

A Kalonga sanandiyamikire. "Apa yapambana ndi njinga," anatero. "Kuti tidziwe munthu, pobwerera musinthane."

Asodzi ndi amayi ogulitsa nsomba anali atatizungulira. Kukana kukanakhala kuvomera. Ndinapereka, koma ndisanapereke ndinachita chinthu chimene mpaka lero ndikachikumbuka ndimayang'ana pansi. Magiya a njinga yotere amasinthidwira pa zogwirira mabuleki pomwepo, moti wosadziwa sangawapeze. Ndinainyamula kumbuyo ngati ndikuyesa tcheni, n'kuiika pa giya yolemera kuposa zonse, imene ngakhale akatswiri amaigwiritsa potsetsereka pokha. Ndipo kuchokera ku Liwonde kubwerera ku Balaka msewu umakwera pang'onopang'ono osakupumitsa. Sindinamuuze kanthu.

Nsapato zanga zomata pamapedulo sizinamukwane, ndiye anakwera ndi patapata, akuponda patizitsulo ting'onoting'ono. Chishalo chinamufupikira, mawondo akutuluka m'mbali ngati chule. Poyamba anagwedezeka, anthu n'kuseka, inenso ndinaseka nawo. Kenako anaimirira pamapedulo, njinga n'kulira, ndipo sindinamuonenso.

Ine ndinatsala ndi njinga imene ndinaipalasa zaka zambiri ndisanachoke. Miyendo yanga inali itaiiwala. Inkalemera ngati ndamangirira ngolo kumbuyo. Pa zitunda ziwiri ndinatsika n'kukankha, wopanda nsapato popeza zomata zija si zoyendera pansi, tala ikuwotcha, nditavala zothina zija popanda thalauzi. Amayi ena opita kutchalitchi anatembenukira kumbali.

Nditafika pa siteji ndinapeza phokoso ngati pa ukwati. Twaibu anali atakhala pansi, akusisita ntchafu, phazi limodzi likutuluka magazi pomwe pedulo inamucheka, koma akuseka. A Kalonga ankalumbira kuti wabwera pachitunda mofulumira kuposa mmene ine ndinapitira potsetsereka.

"Achimwene," anatero Twaibu, "iyi si njinga, ndi mphepo. Koma kulimba kupalasa kwake! Azungu aja ali ndi miyendo."

Mkulu wina wokonza njinga pa sitejipo, a Mdala Saizi, anawerama n'kuyang'ana tcheni. Anayang'ananso ine. "Mwam'patsa ili pa giya imeneyi? Chitunda chonse chija?" Manyazi akakula amasanduka ukali, ndiye ndinayamba kukalipa. Ndinati Twaibu anandilanda makasitomala, anandilanda siteji, kunyumba kwanga dzina lake ndi limene limatchulidwa, tsopano akufunanso chinthu chimodzi chokha chimene ndinabwera nacho. Ndinatchulanso a Asiyatu, pamaso pa anthu.

Twaibu anadzuka motsimphina, n'kundikokera kuseri kwa golosale. Sanakweze mawu.

"Za alamu musadzazinenenso, chifukwa mukudzinyoza nokha. Koma zinazo tiyeni tikambe. Mukuganiza kuti ine sindinkafuna kupita? Pasipoti ndinapangitsa chaka chachiwiri mutachoka, ili m'chikwama mpaka lero. Ndikati ndinyamuke, azakhali adwala ku Ngokwe. Ndikati ndinyamuke, denga lagwa ku Rivirivi. Munandisiyira makomo awiri n'kupita. Zithunzi zanu zija alamu ankandionetsa, inu muli kunyanja, njinga ili pamwala. Ndinkapita kunyumba osadya. Ndakuchitirani nsanje zaka zisanu, achimwene, kungoti ine ndinalibe nthawi yoti ndikhale nayo pansi."

Ndinali ndisanaganizepo kuti munthu ngati iye angasirire kanthu kwa ine.

Nkhani inandiyambirira kufika kunyumba. A Asiyatu ankapeta nandolo, ndipo sanadzutse mutu. Anati chaka chimene ndinanena kuti ntchito yachepa, feteleza anagula ndi Twaibu, atanyamula njerwa mwezi wathunthu. "Ndipo tinkadziwa," anatero. "Mawilo akale anali oyera, pachithunzi chotsatira anali akuda. Mumayesa kuno kuli anthu osaona? Tinangokusungirani ulemu." Anandisiya pakhonde ndi mawu amenewo. Masiku atatu sanandiyankhule kupatula kundiitanira chakudya.

Lachisanu titatuluka mumzikiti ndinamuitana Twaibu. Ndinamuimika kukhoma la golosale lija, kumuvula patapata, n'kuyeza mwendo wake ndi chingwe. Pachitsulo cha chishalo ndinamata katepi posonyeza msinkhu wanga, kenako n'kukweza mpaka pa wake. Ndinamuonetsa mmene magiya amasinthidwira. Atamva njinga ikupepuka pansi pake anatukwana m'Chiyao, n'kuseka, n'kundiyang'ana nthawi yaitali. Kupepesa kwanga kunali komweko, ndipo anakulandira.

Tsopano papita chaka. Ndinatsegula kabenchi kokonzera njinga pafupi ndi siteji, ndipo dzanja limene a Moyo anandiphunzitsa likundidyetsa. Twaibu amapalasa njinga ija m'mawa katatu pa sabata asanayambe kabaza. Nsapato zomukwana tinazipeza pa kaunjika. Anthu ena okwera njinga a ku Blantyre anamuona pamsewu, anamuthamangitsa osamupeza, ndipo atenga nambala yake. Katepi kanga kakadali pachitsulo paja, koma chishalo sichitsikirako kawirikawiri. Nsanje sinathe, ndisaname. Akamadutsa atawerama, ana a sukulu akukuwa dzina lake, ndimalimbitsa sipanala kuposa mmene nati ikufunira.

Sabata yatha mayi wina anabwera ndi njinga yophwa tayala. Anayang'ana yopepuka ija itatsamira kukhoma kumbuyo kwanga, n'kundifunsa kuti, "Kodi inu ndi amene mumasamala njinga ya a Twaibu?"

Ndinatsegula pakamwa kuti ndimufotokozere za felemu, za mawilo, za zaka zisanu za ku Kepu. Kenako ndinaviika chubu chake m'beseni kufuna pobooka.

"Eya, mayi," ndinatero. "Ndine amene."