Mpata wa Zala Zinayi

Inu amene mwayesa kawiri n'kulephera kawiri konse, imvani za Khuyen.

Tsiku limenelo anali ataima m'madzi olekeza m'mawondo, ndowa ili m'manja, m'chipinda chokumba pansi pa nyumba ya alamu ake mumzinda wa Saigon. Mphasa yake inkayandama. Njinga zamoto zisanu za anthu a lendi zinali zitamira mpaka m'mainjini, eniake ali pamasitepe, aliyense akutukwana monga anaphunzirira kwawo.

Khuyen anali mayi wamasiye wa zaka makumi anayi ndi zitatu. Anatha zaka khumi ndi zisanu akusakaniza simenti ndi kusenzera amisiri njerwa, koma palibe anamulolapo kugwira mpeni womangira. Bondo litayamba kumuvuta, kapitawo anamuuza kuti akapume kaye, ndipo kupumako kunali komweko. A Hoanh, mkulu wa malemu mwamuna wake, anamupatsa kangodya m'chipinda chapansicho kuti azigonamo uku akulondera njinga.

A Hoanh anatsika masitepe awiri okha, kuopa kunyowetsa nsapato.

"Basi, zakwana. Mwezi uno ukatha ndiitana lole ya zibuma, tikwirire dzenjeli. Iwe mlamu, ubwerere kumudzi."

"Kumudzi kwake kuti, alamu? Munda uja munagulitsa ndinu."

"Ndiye uliumitse khoma lochucha madzilo ngati ungathe. Amisiri atatu andidyera ndalama pamenepa, ndiye iwe ndani?"

Kunatsala masabata atatu, ndipo inali nyengo imene mvula imagwa pafupifupi masana alionse.

Madzi ankalowa pa mng'alu wa pakhoma la maziko, wotsika kuchokera m'mwamba mpaka pansi. Khuyen anachita zimene ankaona amisiri akuchita. Anamata simenti pamng'alupo n'kusalaza bwinobwino. Patatha masiku atatu simentiyo inasupuka ngati nkhanambo.

Anayesanso. Ulendo uno anagoba mng'aluwo ndi tchizulo, naudzaza ndi simenti youma msanga. Pamenepo panagwiradi. Koma madzi anangosuntha pang'ono n'kutulukira pambali, ngati kuti palibe chachitika.

Nyumba yoyandikana nayo inali ya Mayi Dieu, amene ankagulitsa khofi wozizira pakhomo pawo. Pamipando yawo ndi pamene nkhani zonse za m'kanjira kathu zinkaphikidwira. Khuyen akamadutsa ndi thumba la simenti, amuna okhala pamenepo ankakuwa, "Injiniya wathu uyo! Lero mukukatseka mtsinje uti, achemwali?"

Zinkamupweteka. Anasiya kugula simenti. Anatenga kampando ndi choko, n'kukhala moyang'anana ndi khomalo masiku anayi, akulemba pamene panyowa ndi nthawi yake. Anthu anati mutu wayamba kusokonekera.

Anaona zinthu ziwiri. Makoma atatu anali ouma, lonyowa linali limodzi lokha, la mbali ya Mayi Dieu. Komanso madzi sankayamba mvula ikamagwa. Ankayamba patatha ola, n'kumapitirira kuchucha kunja kutacha kale. Ndiye kuti penapake ankayamba adikha.

Anakwera nsanjika zisanu ndi bondo lake lija mpaka padenga. Nyumba za kuno zimaima mothinana, koma pakati pa ziwirizi panali mpata wa zala zinayi. Mvula yonse yowomba makoma awiriwo inkathera mmenemo, ndipo njira yotulukira inali imodzi, kutsikira ku maziko.

Mpatawo aliyense ankaudziwa. A Hoanh ndi Mayi Dieu anali atatha zaka khumi ndi zisanu ndi zitatu osapatsana moni chifukwa cha zala zinayi zomwezo. Aliyense ankati ndi malo ake, ndipo woyamba kuvindikirapo akanaoneka ngati walanda. Mwina amisiri atatu aja anauonanso, koma ndani amafuna kulowerera mlandu wa eni?

M'mawa wina kusanagwe mvula, Khuyen anasungunula utoto wofiira m'ndowa zisanu n'kuthira mumpatamo. Kenako anaitana alamu ake kuti atsike, nawapatsa kampando. A Hoanh anadikira akung'ung'udza, mpaka khoma linayamba kuchucha zofiira.

"Mayo ine! Khoma likutuluka magazi!"

"Si magazi, alamu. Ndi mpata wanu uja."

"Wanga, eya, wanena bwino. Koma ndikangoikapo lata, nkhalamba ija ithamangira ku boma opanda nsapato."

Khuyen anapita kwa Mayi Dieu, nagula khofi, nadikira kuti amuna aja abalalike.

"Azakhali, chithunzi cha malemu amuna anu pa guwa la makolo lija chayamba chuku m'ngodya. Ndinachiona tsiku la chikumbutso chawo."

Mayi Dieu anasiya kutakasa khofi. "Ndimachipukuta m'mawa uliwonse," anatero motsitsa mawu. "Chimabwereranso."

"Khoma lanu likumwa madzi omwe akundimiza ine."

"Ndiye Hoanh avindikire malo anga? Ndili moyo, iyayi!"

"Asavindikire. Inu mukhomere lata lanu pakhoma lanu, iwo lawo pakhoma lawo. Lanu likhala pamwamba, poti nyumba yanu ndi yaitali."

"Pamwamba pa la Hoanh?" Mayi Dieu anaseka mpaka kutsokomola. "Mwana iwe, ukudikira chiyani? Kagule!"

A Hoanh atamva za pamwamba anadumpha. Khuyen anawasiya alalate mpaka mpweya kuwathera, kenako anati, "Lawolo ndi chipewa chabe, alamu. Lanu ndi limene lizinyamula madzi n'kukawataya kumsewu." A Hoanh anavomera, ndipo mpaka lero amauza anthu kuti iwo ndi amene anyamula Mayi Dieu. Mayi Dieu nawo amati Hoanh ali pansi pawo. Onse awiri sakunama.

Malata atakhomedwa, panatsala mng'alu weniweniwo. Khuyen anagulitsa ndolo zake zaukwati, chinthu chomaliza chimene mwamuna wake anamusiyira, kuti abwereke pampu ndi kugula mankhwala otsekera. Analira pozivula, kenako anapita kukagwira ntchito. Anaboola timabowo topendekeka m'mbali mwa mng'aluwo, napopera mankhwala aja amene amafufuma akakumana ndi madzi. Anayambira pansi kukwera m'mwamba, bowo limodzi limodzi, osasuntha mpaka thovu litatulukira pa bowo lotsatira. Zinamutengera masiku awiri.

Pa tsiku lomaliza la mwezi lole ya zibuma inafika, chifukwa a Hoanh sanaiimitse. Dalaivala anazimitsa injini n'kukakhala kwa Mayi Dieu. Kumwamba kunali kutada kale.

Khuyen anayala nyuzipepala m'tsinde mwa khoma lonse. Mvula inagwa kwa maola awiri, yokokolola mipando ya khofi. Itakata, a Hoanh anafuna kutsika.

"Dikirani kaye, alamu. Madziwa amachedwa ndi ola."

Khuyen akanatha kukhala chete n'kupambana mosavuta, koma ankafuna kudziwa zoona. Anadikira ola lonse. Kenako anatsika onse, ngakhale Mayi Dieu, amene anali asanapondepo m'nyumbayo kwa zaka zonse zija.

A Hoanh anatola nyuzipepala imodzi. Inalira khwakhwa, youma gwa. Anatola yachiwiri, yachitatu. Posowa poyang'ana, anayamba kuwerenga nkhani za mpira za sabata yatha. Kenako anakwera masitepe n'kukalipira dalaivala.

"Iwe, zibuma zakozi ukutsekera nazo anthu njira! Wakutuma ndani?"

"Ndinu, bwana."

"Bwerera nazo!"

Madzulo amenewo Khuyen anayala mphasa yake pansi pouma. Sabata isanathe, mmodzi mwa amuna omuseka aja anabwera chipewa chili m'manja, akuti kwa apongozi ake nakonso khoma likuchucha.

Papita zaka zisanu ndi chimodzi. Pampu tsopano ndi yake, ndipo amamuitana mpaka kutsidya kwa mtsinje. Amagona m'chipinda cha m'mwamba, koma chapansi chija sanachisiye, ndi mosungira zida zake. Ndolo zija sanazipezenso. Akafika pantchito, eninyumba amathamangira kumuonetsa mng'alu. Iye amangoponyapo diso n'kufunsa, "Masitepe okwerera padenga ali kuti?"

Inu amene mukuwerenga, mwina mwamata pamalo amodzimodzi kawiri, anthu akuseka, ndipo mwayamba kukhulupirira kuti manja anu ndi opanda pake. Khuyen nayenso anamata kawiri, ndipo manja ake analibe vuto. Osataya mtima. Ikani simenti pansi, mutenge choko, muyang'anitsitse. Bondo lipweteke, koma kwerani mukaone kumene madzi akulowera.