Tsiku limene ndinazira boti la Ababa

Ndikukumbukira chaka chimene Ababa anabwera ndi boti la aluminiyamu kwathu, kufupi ndi Benga, m'mbali mwa mtsinje wa Revubwe. Inali nthawi imene malasha anali atapengetsa dziko. Magalimoto akuluakulu ankadutsa osaleka, zovala zoyanika tinkazanula zitada ndi fumbi, ndipo anthu a kampani anali atalemba kale manambala ndi penti pamakoma a nyumba zathu. Aliyense ankadziwa tanthauzo lake: tidzasamutsidwa kupita kumudzi watsopano, kutali, kopanda mtsinje. Ababa sankafuna n'kumva komwe. Anali atathawapo kale nkhondo kupita ku Malawi, n'kubwerera mtendere utabwera, ndipo ankati munthu sasamuka ngati mbuzi.

Nzeru yawo inali pa botilo. Anagulitsa mbuzi n'kuligula kwa anyamata ena oyeza malo amene ankapasula msasa wawo. A Sulemane, mwini loja, kapena kuti sitolo yaikulu, ku Moatize, anali atatsegula kasitolo kena kutsidya, kumene antchito ankagona, ndipo ankafuna munthu wowawolotsera katundu. Analonjeza Ababa kuti katundu akafika kutsidya wouma ulendo woyamba, ntchitoyo ndi yawo. Ababa anawerengera kuti ntchito imeneyo ikapezeka, tidzachita lendi kanyumba ku Moatize, osapita kumudzi watsopanowo.

Vuto linali pansi pa boti. Aluminiyamu ikakhala padzuwa la kwathu kuno imawotcha mapazi, komanso pansipo panali popendekeka, pokhala ndi nthiti zachitsulo zopingasa, ndipo m'misomali yake ina madzi ankalowa pang'onopang'ono. Thumba la shuga silikanagona pamenepo. Choncho Ababa anaganiza zoyala matabwa pamwamba pa nthitizo, kuti pakhale pansi pena pouma, madzi azikhala kunsi kwake.

Ine ndinali ndi zaka ngati khumi ndi chimodzi, ndipo ndinali ndi matenda amodzi: ndinkadziona ngati munthu wamkulu amene anangochedwa kutalika. Anandiwononga ndi amayi a m'mudzi. Ndinkadziwa kuzira pansi kuposa atsikana onse, moti amayi ena ankachita kundibwereka kukakhala chinkhoswe kapena alendo. Ndinali ndi nkhulungo yangayanga, mwala wosalala umene ndinatola kumtsinje, ndipo ndinkaubisa kudenga ngati chuma. Akangoti, “Pazira Joakina pamaoneka nkhope,” tsiku lonse ndinkayenda khosi lili gwa.

Pa ntchito ya matabwa ija ndinadziika ndekha kukhala kapitawo. Ababa anatola mapaleti a matabwa otayidwa kumsasa, tinawaphwasula, ine ndikuwongola misomali pamwala. Anadula makatoni motsatira kupindika kwa boti, kenako n'kumajambula pamatabwa ndi khala, n'kumacheka. Anagoneka mitanda pamwamba pa nthiti, pansi pake ataikapo mphira wa chubu kuti isamagogode. Botilo sanaliboole paliponse. Matabwa anawakhomera pamitanda yokha, misomali n'kuipinda nsonga, ndipo zonse zinali zigawo ziwiri zoti munthu atha kuzinyamula n'kuzichotsa. Pomaliza tinazipaka oyilo wakupsa wa galimoto kuti zisawole. Fungo lake ndimalimvabe ndikadutsa pagalaja.

Koma chinthu chimodzi chinandipweteka mtima. Pakati pa thabwa ndi thabwa Ababa ankalowetsa bango, akakhoma n'kulisolola, n'kutsala mpata wolowa chala. Kumbuyo kwa boti anasiya dzenje lalikulu ndithu, lolowa chigubu. Ine ndinaona umphawi. Ndinati matabwa awaperewera, ndipo akuchita manyazi kunena. Ndinawamvera chisoni kwambiri bambo anga. Kufunsa sindinafunse, poopa kuwachititsa manyazi, ndipo ndinadziyamikira mumtima kuti ndine mwana waulemu. Paja amati safunsa anadya phula, koma ine miyambi ndinkaiona ngati ya ana ena.

Tsiku loti mawa lake ndi ulendo, Ababa anapita ku Moatize kukapangana ndi a Sulemane. Amayi anali ku Zóbuè kumaliro a azakhali awo. Panalibe wondiletsa. Kwathu mlendo wolemekezeka akamabwera, pansi pamaziridwa, ndipo ine sindinaone chifukwa choti boti lisiyane ndi nyumba. Ndinapita kudambo kukakumba mtsiro wabwino, wonanda. Ndinasinja timiyala ta malasha n'kusakanizamo kuti ude bwino. Poona kuti dothi likugwera m'mipata, ndinayamba ndatsekamo udzu ndi sanza, ndikusindikiza ndi kamtengo. Dzenje lalikulu lija ndinalivundikira ndi chidutswa cha lata. Kenako ndinamata, ndinazira, ndinakulungiza ndi nkhulungo yanga mpaka mawondo anachita mabala. Mabeseni amene ndinatuta sindikuwakumbukira, koma msana unandiuza kuti anali ambiri.

Ndinene zoona, sindinazirepo bwino ngati tsiku limenelo. Dzuwa litaumitsa, pansi pa boti panali pakuda, posalala, ponyezimira, popanda ndi mng'alu womwe. Ndinayalapo mphasa yathu ya alendo kuti nkhuku zisapondepo, ndipo ndinaganiza zosaulula mpaka nthawi yabwino itakwana, pamaso pa mlendo.

M'mawa a Sulemane anafika ndi galimoto ya katundu, atavala mkanjo woyera mbee ndi kachipewa kawo. Anali munthu wodekha, wonunkhira mafuta abwino. Ababa anali pa liwiro, thukuta lili kamukamu. Ataona mphasa anangoti, “Wachita bwino, mwanangu,” osaivundukula. Pokankhira boti m'madzi anadandaula kuti lalemera, koma anati mwina ndi matabwa. Matumba a shuga, a mchere ndi a ufa wa tirigu anasanjidwa pamphasa, a Sulemane anakhala pathumba limodzi, mkanjo ukukhudza pansi. Ine ndinalowa osaitanidwa n'kukhala kutsogolo, chifukwa sindikanalola kuti anditamande ine kulibe.

Nyengo ya mvula inali itangotha, mtsinje ukadali wodzaza. Ababa ankapalasa mopingasa, ndipo timafunde tinkamenya m'mbali n'kumathira madzi mkati. Tisanafike pakati, Ababa anaika nkhafi pansi, natenga chigubu chodula chokapira madzi, napinda mphasa kumbuyo kuti apeze dzenje lawo. Dzenje panalibe. Anapapasa ndi dzanja. Anapinda mphasa mopitirira, n'kuyang'anitsitsa pansi pakuda ponyezimira.

“Ichi n'chiyani?” anafunsa motsitsa mawu.

Nthawi yanga inali itakwana. Ndinakhosomola pang'ono, n'kuyang'ana a Sulemane.

“Ndine ndazira, Ababa. Ndekha. Mipata yonse ija ndatseka, simungaione n'komwe.”

Ababa anandiyang'ana nthawi yaitali, ndipo ine ndinaganiza kuti asowa mawu chifukwa cha chimwemwe. Ndinawonjezanso kuti ndinathiramo malasha.

Apo n'kuti madzi olowa m'misomali atadzaza kunsi, akunyowetsa dothi langa chapansi, pamene a mafunde ankalinyowetsa chapamwamba, opanda kolowera. Mtsiro unayamba kubwerera kumene unachokera. Phala lakuda linatumphuka m'maso mwa mphasa, likununkha oyilo, n'kuyamba kukwera m'matumba. Ababa anakumba ndi zala mpaka anapeza lata lija, koma chigubu chinkangotunga matope ndi udzu. Boti linali litatsika, madzi atatsala pang'ono kufika m'milomo mwake. A Sulemane anaimirira kuti apulumutse mkanjo, phazi linatereka, anagwa chokhala pamwamba pa ntchito yanga yonse.

“Khalani pomwepo, patrau, musadzukenso,” anatero Ababa, akuwatcha bwana m'Chipwitikizi. “Mukadzuka tigubuduka.”

Munthu wamkulu uja anakhaladi m'matope mpaka kutsidya, atanyamula kachipewa m'manja, milomo ikuyenda ndi pemphero. Ine ndinapatsidwa chigubu. Ndinakapa ndikulira, ndipo ngakhale pamenepo, Mulungu andikhululukire, mbali ina ya mtima wanga inkalirira kuzira kwanga kumene kunkawonongeka.

Tinafika amoyo. Matumba apansi anali atada, shuga akudontha, ufa utasanduka chinthu chopanda dzina. A Sulemane sanakalipe. Anatsikira m'madzi, nachapa mkanjo ali chivalire, koma malasha ndi oyilo sizimva madzi. Atatuluka anandiyang'ana n'kufunsa Ababa kuti, “Mwanayu ndi wanu?” Ababa anavomera, ngakhale anachedwa pang'ono kuyankha.

“Dzanja ali nalo,” anatero a Sulemane. “Koma katundu wanga ndidzapezera njira ina.”

Ababa sanandimenye. Anatulutsa zigawo ziwiri zija n'kuziimika pamchenga, nandipatsa kamtengo kuti nditokosole mpata uliwonse, mmodzimmodzi, anthu a padoko akuonerera. Ndili pa ntchitoyo anandifotokozera mwachifatse kuti mipata ndi yoti madzi azitsikira kunsi, ndiponso yoti thabwa likafufuma lipeze kopita, ndipo dzenje ndi lokapira. Zonsezo akanandiuza kale ndikanangotsegula pakamwa. Kuyambira tsikulo anyamata a padoko ankati akandiona, “Bisani mabwato, Joakina akubwera ndi beseni.”

Ntchito ya a Sulemane inapita kwa wina. Ababa anawolotsako makala, mbuzi ndi anthu apa ndi apo, koma za lendi ku Moatize sizinatheke. Chaka chotsatira tinakwera lole ya kampani ndi katundu wathu yense, boti litagulitsidwa. Njira yonse ine ndinali wotsimikiza kuti ndine ndachotsa Ababa kumtsinje kwawo. Ndinakula nacho chimenecho pamtima. Nyumba yatsopano inali ya simenti, yopanda pozira, ndipo ndinati ndi chilango chondiyenera.

Lero zinthu zinasintha. Kumene kunali mudzi wathu kuli dzenje loti sungaone pansi pake, katundu amawoloka pagalimoto, ndipo ine ndimakhala ku Moatize m'nyumba ya matailosi imene ana anga amakolopa monyinyirika. Atsikana a masiku ano ukawapatsa mtsiro angakufunse ngati ndi mankhwala a nkhope. Ababa akadali kumudzi watsopano uja, umene pano ndi wakale, akalamba, maso akuchita chifunga. Chaka chatha nditapita kukawaona, ndinalimba mtima n'kufunsa zimene ndinasunga zaka zonsezi.

“Ababa, kodi ndikanapanda kuzira boti lija, bwenzi tikadali kumtsinje?”

Anaseka mpaka kutsokomola, kenako anapukuta misozi ndi mkono wa malaya.

“Joakina, mwanangu, anthu anabwera ndi makina aatali kuposa mlambe, anasuntha midzi, minda ndi manda omwe. Ndiye iwe zaka zonsezi ukuganiza kuti unatisamutsa ndiwe, ndi beseni lako la matope? Matama ako aja sanathebe.”

Ndinaseka nawo, kenako ndinapita kuseri kwa nyumba kukalira pang'ono, chifukwa ngakhale mlandu umene ndinkadzitama nawo unapezeka kuti sunali wanga.