Bwalo la Amayi Silinapse

Ndinaganiza zochoka kwathu ku Nsadzo tsiku limene anthu amfuti anagwira mnzanga Domingo panjira n'kumusenzetsa katundu wawo. Ine sindinkafuna kufera nkhondo ya eni. Ndinachonderera amayi kuti tiwolokere limodzi ku Zambia, koma anakana kwamtuwagalu. Anati iwo sangasiye pakhomo pawo kusanduka bwinja ali moyo.

Ndinazembera kuthengo chakumbali kwa chipata cha malire cha Cassacatiza, n'kukapeza ntchito pafamu ya fodya kufupi ndi Katete. Malipiro ake ankathera ufa, sopo ndi kamchere. Lamlungu ndilo linkandiwawa: anzanga ankapita kwawo, ine n'kutsala ndekha m'chigafa ndi fungo la fodya. Mcherewo ndinkautumiza kwa amayi kudzera mwa mayi wina amene ankawoloka mobisa, ndipo nkhani yake inali imodzimodzi: mudzi wonse ukugona kuphiri, koma amayi anga amatsika mbandakucha kukasesa pabwalo.

Ndinakwiya koopsa. Masiku amenewo anthu ankalekerera dala udzu pakhomo kuti amfuti aziyesa kuti mulibe munthu. Mizere ya tsache inkaulula. Ndinatumiza mawu akuti aleke, angafere zinyalala. Yankho linabwera patatha miyezi iwiri.

"Kamuuzeni kuti nyumba atentha, koma bwalo silipsa. Azitumiza mchere, nzeru zake asunge konko."

Nkhondo itatha ndinabwerera ndi njinga ndi nsalu imodzi ya kapulana ya amayi, ndikudzimva ngati bwana. Mudzi sindinauzindikire. Tsekera anali atameza zonse, ndipo obwerera kuchokera ku Malawi ndi ku Zambia ankakangana, aliyense akuloza pamene ankati panali nyumba yake. Ndinalankhula mokweza kuti ili ndiye bwinja lenileni.

"Bwinja ndi la amene anathawa," anatero mawu kumbuyo kwanga. "Njingayo uimike uko, usandipondere mizere."

Anali amayi, atawonda, mkono wamanja utapindika. Amfuti anawapeza tsiku lina akusesa n'kuuthyola, iwo n'kuphunzira kusesa ndi wamanzere. Zimenezi mayi wamchere uja analetsedwa kundiuza. Ndinalira ngati mwana, iwo akungoyang'ana kapulana ija n'kumati mtundu wake ndi wa atsikana.

Mikangano ija inathera pabwalo pathu. Pokhala malo okhawo amene sanasokonezeke, anthu ankaima pamenepo n'kukumbukira: chitsime chinali kumanja, tchalitchi kutsogolo, nyumba ya uje kuseri kwa mango. Mudzi wonse unamangidwanso kuyambira pamene amayi ankasesa.

Amayi anatisiya kalekale. Lero ndimasesa ndine, mwamuna wa imvi, m'mawa uliwonse. Anyamata a njinga zamoto amachepetsa liwiro kuti andiseke, amati mdala uyu mkazi wake anamudyetsa mankhwala. Aseke. Nyumba zimene anabadwiramo anaziyeza kuchokera pabwalo lomweli.