Amake Leah ndi Mphemvu za Kukomboni

Mayi Cecilia Makhuva anakulira m'munsi mwa phiri, mbali ya ku Chambe. Mphemvu zimene ankazidziwa kumudzi zinali zikuluzikulu za kuchimbudzi, zothawa munthu akangotsegula chitseko. Zing'onozing'ono zofiirira za m'nyumba anakazionera kukomboni ya esiteti ya tiyi, atakwatiwa ndi a Morton amene ankagwira ntchito mufakitale.

Nyumba ya kampaniyo inali ya chipinda ndi balaza. Khoma lapakati ankagawana ndi banja lina, ndipo silinkafika kudenga. Tsiku limene analowamo, a Cecilia anamva kafungo konyansa ngati ka mafuta ogonera, kosachoka ngakhale atakolopa. Atakankha kabati imene anaisiya eni nyumba akale, khoma lonse kumbuyoko linayamba kuyenda.

Amene anathamangira kukuwa kwawo anali a Rosie, mayi wa kuseri kwa khoma lija. Anasuzumira, n'kuseka.

"Asisi, mwakuwira zimenezi? Kuno tonse timagona nazo. Muzolowera."

Chinzawo chinayambira pomwepo. Ankapita limodzi kothyola tiyi, madengu kumsana, ndipo wina akadwala mnzake ankamuphikira phala n'kumupatsira pamwamba pa khoma. Koma a Cecilia sanazolowere.

Anaphunzira kuzizindikira zisanaoneke n'komwe. Ndowe zake ndi timadontho takuda tonga fumbi la tiyi, ndipo ankatipeza m'makona a mashelefu ndi m'mahinji a chitseko. Mazira ake amakhala m'timatumba tofiirira tonga nyemba zazing'ono, tomatirira kunsi kwa tebulo. Ankapezanso tizikopa timene zimafundula. Anaona kuti zimakonda malo ofunda, a chinyezi ndi amdima, ndipo kuti ukaona imodzi ikuyenda masana, ndiye kuti kobisalako kwadzaza.

Akaweruka, zala zili zowawa ndi zovala zonyowa ndi mame, sankakhala pansi. Ufa anauika m'ndowa yovindikira. Mbale sinkagona yosatsuka, madzi sankagona osavindikira, makatoni onse anawotcha. Ming'alu anaimata ndi simenti yotsala imene a Morton anapempha kwa omanga. Loweruka lililonse lopanda mvula, katundu yense ankatuluka padzuwa. Mphemvu zinkachepadi. Koma pakapita masabata, zina zinkatsika kuchokera pamwamba pa khoma.

Kenako kunabadwa Leah, mwana wawo yekhayo. Atayamba kuyenda, chifuwa chake chinayamba kulira ngati pito, makamaka nyengo ya chiperoni, nkhungu ikaphimba minda ya tiyi. Tsiku lina anabanika mpaka milomo kuda. A Morton anamubereka panjinga mpaka kumsewu, a Cecilia akutsatira pambuyo, onse n'kukwera minibasi ya ku Boma.

Dokotala wa kuchipatala anati ndi mphumu. Anafunsa za utsi, za fumbi, kenako anafunsa ngati m'nyumba muli mphemvu.

"Zilimo, adokotala," anayankha a Cecilia, maso ali pansi.

"Ndowe zake ndi tizikopa tija zimaputa matendawa, mayi. Yesetsani ukhondo."

Mawu amenewo anawapweteka kuposa mmene dokotalayo akanaganizira. 

Tsiku la msika a Cecilia anapita ku Limbuli. Bambo wina anayala timapepala ta ufa woyera pasaka, wopanda dzina, wopanda malangizo. Anati ndi wophera mphemvu, wachokera kutsidya kwa malire ndipo ukawaza kamodzi basi, nkhani yatha. A Cecilia anagula. Anawaza m'makona onse, kunsi kwa bedi ndi m'mbali mwa khoma.

Kutacha anasesa mphemvu zakufa zodzaza chiwaya. Kwa nthawi yoyamba m'nyumba imeneyo anaimba nyimbo akusesa. Anakazitaya kudzala kuseri, n'kunyamula dengu lawo kupita kuntchito.

Pobwera anapeza anthu ataunjikana pakhomo pa a Rosie. Nkhuku zawo zonse, thadzi ndi anapiye ake, misoti ndi tambala, zinali gonegone pafupi ndi dzala. Zinali zitadya mphemvu zija. A Rosie ankadalira nkhukuzo kuti ana awo adye dzira, ndipo anaziweta kuchokera pa kamsoti kamodzi kamene anapatsidwa ndi malemu mayi awo.

"Amake Leah, munathira chiyani kudzalaku?"

"Asisi, sindinadziwe. Ndimafuna mwana apume bwino. Ndikhululukireni, ndidzakupezerani zina."

"Zina? Ukhondo wanuwo sungani. Ife ndife auve, mwatiuza kale ndi tsache lanulo."

Kuyambira tsiku limenelo, pamwamba pa khoma sipanadutsenso mbale ya phala. Kumunda a Rosie anasintha mzere. A Cecilia atawapititsira msoti, unabwezedwa tsiku lomwelo, miyendo ili chimangire. Ufa wa ku Limbuli uja unamutsokomoletsanso Leah, moti a Morton anaukolopa wonse n'kukakwirira wotsalawo kutali. Mazira m'ming'alu sanafe ayi. Mwezi usanathe, tiana ta mphemvu tinali mbwee pakhoma.

Anakhala choncho zaka zambiri, mabanja awiri akumvana kutsokomola koma osapatsana moni. Msana wa a Cecilia unayamba kuvuta, n'kusiya kuthyola tiyi. Ndiye m'mawa wina a Morton anagwa panjira yopita kufakitale, ndipo pofika nawo kuchipatala anali atatsirizika. A Rosie anabwera pamaliro, anatunga madzi, anakhala ndi amayi anzawo mpaka kumanda. Koma kwa namfedwa sanayandikire. Nyumbayo inali ya wogwira ntchito, choncho kampani inaifuna. Tsiku limene thirakitala inabwera kudzanyamula katundu, chitseko cha a Rosie chinali chotseka.

Kumudzi anawalandira ang'ono awo, a Sophie, amene anawakonzera kanyumba ka njerwa zosawotcha. A Cecilia anakana kulowetsa kanthu kalikonse asanakaone. Anayala zonse pabwalo, anakutumula zofunda, anathira madzi otentha m'malumikizidwe a bedi ndi mipando. Chomaliza chinali wailesi ya a Morton, imene bamboyo ankamvera mpira ataiika pachifuwa. Atamasula kumbuyo kwake, munatuluka mphemvu zamoyo, ndipo timatumba ta mazira tinali titamatirira pa mawaya onse.

"Achemwali, tayani imeneyo," anatero a Sophie. "Mutibweretsera mavuto a kukomboni."

"Ya bambo ake Leah iyi. Ndiitaye kuti?"

Anaikulunga m'majumbo, n'kumanga zolimba, n'kuisiya pathanthwe lotentha masiku angapo. Mphemvu zinafa zonse. Wailesiyo sinayankhulenso.

Leah anapeza bwino kumudziko. Atakula anapita ku Limbe, kumene amasoka zovala pakhonde la sitolo ina, ndipo amaimba foni mwa apo ndi apo. A Cecilia atsala okha m'kanyumba kaja. Chaka chathachi maso awo ayamba kuchita nkhungu, moti nkhope ya munthu amaizindikira akafika pafupi. Dzuwa likakwera amagwada movutikira, dzanja limodzi litagwira msana, n'kumapapasa m'makona ndi nsonga za zala, kenako n'kuzinunkhiza. A Sophie akawapeza amawauza kuti mulibe kanthu, adzuke asadzipweteke.

"Mwayang'anitsitsa?" amafunsa a Cecilia.

"Ndayang'ana, achemwali."

Amadikira kuti ang'ono awowo atuluke, kenako amagwadanso.