Malo a Manda Amene Ndinasainira M'chilimwe

Ntchito yanga yoyamba anandipezera ndi alamu anga, amene nthawi imeneyo ankayendetsa minibasi pakati pa Mzuzu ndi Nkhata Bay. Ine ndinali nditamaliza maphunziro a zaumoyo ndi ukhondo wa m'madera, koma chaka chathunthu chinatha ndili kwathu ku Dedza, ndikugulitsa kachewere pamsewu ndi mayi anga. Tsiku lina alamuwo anaona pepala lomatidwa pa bolodi pa boma la Nkhata Bay, loti akufuna wothandizira wa zaumoyo kwa chaka chimodzi. Analijambula pa foni n'kunditumizira. Ndinalemba kalata, anandiitana kukandifunsa mafunso, ndipo pakutha pa mwezi ndinali nditatsika phiri la ku Mzuzu ndi chikwama chimodzi ndi matiresi opinda.

Chitonga sindinkachimva ngakhale pang'ono. Mawu okha amene ndinagwira msanga anali akuti "yewo", othokozera, ndipo ndinkangowaponya paliponse pamene sindinamve zomwe munthu wanena.

Bwana wanga anali a Mhone, bambo amfupi, aimvi, osakonda zoyankhulayankhula. Tsiku loyamba lomwe anandipatsa dzina lakuti Nyaphiri, popeza ndine wa kwa Phiri, monga amaitanira akazi kumeneko. Ndinkaganiza kuti ndiyamba ndi kuyendera zimbudzi za mumsika ndi malo ogulitsira nyama, koma iwo anandiikira patebulo fayilo yolembedwa pamwamba kuti "Manda".

Manda akale a m'tauni anali atadzaza. Mabanja a kunyanja komweko analibe nazo vuto kwenikweni chifukwa ali ndi manda a makolo awo kumidzi. Ovutika anali obwera: amalonda, madalaivala, ogwira ntchito m'maofesi. Adzukulu anali atakumbapo kawiri n'kugunda thabwa la bokosi lakale, ndipo anakana kukumbanso kumeneko. Panakhazikitsidwa komiti yofunafuna malo atsopano, ndipo wapampando wake anali a Gondwe, mwini golosale ndi lole, wochokera kumtunda kupitirira Mzuzu. Malo otsala pa mndandanda anali awiri. Ena anali pafupi ndi msewu, athyathyathya, munda wakale wa chinangwa. Ena anali paphiri, amiyala, njira yake yoipa. Aliyense ankafuna a kumsewu.

A Mhone anandiphunzitsa kayezedwe kake kuseri kwa ofesi. Zida zinali tepi ya mamita makumi asanu, GPS ya m'manja, piki, fosholo, ndowa, wotchi, ndi ogala, chitsulo chachitali chomwe umazunguza kuti chiboole nthaka n'kuitulutsa uione. Umakumba maenje atatu, kumtunda, pakati ndi kumunsi kwa malowo, lililonse lozama kuposa manda enieni. Pansi pa dzenjelo umaboolanso ndi ogala mita ina, chifukwa pansi pa bokosi payenera kutsala nthaka youma yokwanira madzi a pansi asanafike. Pambali umakumba kadzenje kakang'ono, kuthiramo madzi, n'kuwerenga pa wotchi kuti akulowa mwachangu bwanji. Mchenga umawamwa msanga kwambiri, dongo limawasunga. Zonse ziwiri sizabwino. Pomaliza umayeza mtunda wokafika pamadzi alionse akumwa. Chitsime chisayandikire kuposa mamita mazana awiri ndi makumi asanu.

"Mapu amanena zomwe anaona wojambula," anatero a Mhone. "Malire muziyenda ndi mapazi anu, mbali zonse zinayi."

Sabata yoti tiyambe, iwo anapita ku Lilongwe kukachitidwa opaleshoni ya diso. Munali mu Okotobala, dzuwa likuotcha ngati lakwiyira munthu. Ndinapita kumalo a kumsewu ndi a Kamanga, mkulu wa adzukulu, munthu amene manja ake anali olimba ngati mpini. Nthaka inali yofiira, yosavuta kukumba. Maenje onse atatu anatuluka ouma, ogala naye anatulutsa fumbi lokhalokha. Mjigo umene unali pa mapu ndinauyeza, unali kutali mokwanira.

Mbali zitatu za malire ndinaziyenda. Mbali yachinayi, ya kumunsi, inali thengo lowirira, nthochi zakale, bango ndi chitedze. Ndinaima m'mphepete, ndinaganiza za njoka, ndinadina GPS pomwepo n'kubwerera.

Ndikulemba manambala pansi pa mtengo wa mango, kunabwera mayi wina wachikulire atasenza mtolo wa nkhuni. Anayankhula Chitonga mofulumira, dzanja likuloza kuthengo lija. Ndinangotolapo mawu amodzi obwerezedwa: "maji, maji". Ndinaganiza kuti akundimvera chisoni ndi dzuwa ndipo akufuna kukanditungira madzi akumwa. Ndinakweza botolo langa n'kunena kuti, "Yewo ama, ndili nawo." Anandiyang'ana, anapukusa mutu, n'kumapita. A Kamanga anali m'dzenje la kumtunda, sanamve kanthu.

Lipoti ndinalilemba ndekha, ndinati malowo ndi oyenera, ndipo ndinasaina. A Mhone atabwerako, diso lili ndi bandeji, anandiuza kuti ndiwawerengere. Nditamaliza anafunsa funso limodzi lokha.

"Malire munayenda onse, Nyaphiri?"

"Onse, bwana."

Anandiuza kuti maenje tisawakwirire. Tiwavundikire ndi malata, tiunjike dothi m'mbali kuti madzi oyenderera asalowemo, tidzawaonenso mvula ikakhazikika. Koma nkhani ya lipoti inali itafika kale kwa a komiti. A Gondwe analengeza kutchalitchi kuti manda apezeka. Anthu anapita kukalambula, ena anapereka mitengo ya mpanda, ndipo tsiku lodalitsa malowo analiika mu Febuluwale.

Mvula ya ku Nkhata Bay siili ngati ya kwathu. Imagwa masiku atatu osapuma, mapiri onse n'kumatuluka madzi. Nthawi iliyonse ikagunda pamalata a ofesi, ndinkakumbukira thengo lija. Ndinkadziuza kuti mawa ndipita kukaona maenje, mawa likafika n'kupeza chifukwa: kugawa klorini ku Chikale, kuyendera msika, njinga yamoto yatuluka. Zoona zake n'zakuti ndinkaopa. Ndinkadziwa kuti pali mbali imene sindinaione, ndipo tsiku lililonse limene ndinakhala chete linkachititsa kuti kuulula kukhale kovuta kuposa dzulo lake. Ndinayamba kuonda. Mayi pa foni ankafunsa ngati ndi malungo.

Ndinapita m'mawa wa tsiku la mwambo lenilenilo, chifukwa panalibenso mawa lothawirako. Alendo ankayenera kufika teni koloko. Ine ndi a Kamanga tinafika sikisi itangokwana. Tinavundukula dzenje la kumtunda: matope pang'ono pansi. La pakati: madzi ofika m'mawondo. Kenaka tinafika pa la kumunsi. A Kamanga anakoka lata, ndipo ndinaona nkhope yanga m'madzi. Ndinatsitsa tepi. Kuchokera pamwamba pa nthaka kufika pamadzi sipanakwane ndi mita yomwe.

"Mwina ndi a mvula, alowera pamwamba," ndinatero, ngakhale dothi la m'mbali linali bwinobwino.

A Kamanga sanatsutse. Anamanga chingwe ku ndowa, tinatunga ndowa makumi awiri, kenaka tinakhala pansi kuyang'ana. Madzi ankatuluka m'makoma a dzenjelo, timizere tating'ono tonyezimira, ndipo pasanathe theka la ola anabwerera pomwe anali.

Ndinalowa m'thengo lija. Chitedze chinandiyabwa m'manja ndi m'khosi koma sindinaime. Nditangodutsa nthochi ndinamva mawu a amayi. Panali kasupe wotuluka pansi pa mwala, chitsime chosazama chotchingidwa ndi matabwa, ndi timadamu tonyikamo chinangwa cha kondowole. Amayi anayi ankatunga. Mmodzi mwa iwo anali yemwe uja wa nkhuni, ndipo a Kamanga, amene ananditsatira, anamupatsa moni pomutchula kuti Nyalongwe. Tinakoka tepi kuchokera pa dzenje la kumunsi. Inangotha kamodzi ndi pang'ono.

Nyalongwe anayankhula, a Kamanga n'kumasulira. "Akuti anakuuzani nthawi ya dzuwa ija. Akuti mjigo uli kutali ndipo madzi ake amanunkha dzimbiri, nyumba zonse za kumunsi kuno zimamwa pano."

Ndisabise, maganizo oipa anandifikira. Kukwirira dzenje limodzi ndi ntchito ya ola limodzi, ndipo nthawi inalipo. Kontrakiti yanga inali itatsala miyezi yochepa. Ndinaganiza za kachewere wa pamsewu ku Dedza, ndi mayi amene anali atauza mudzi wonse kuti mwana wawo ali pantchito. Ndikuganiza kuti a Kamanga anaona mmene ndinayang'anira fosholo.

"Ine ndinaikapo munthu m'madzi, a Phiri," anatero motsitsa mawu. "Bokosi linayandama. Tinachita kulipsinja ndi miyala, mkazi wake akuona. Sindidzachitanso."

Ndinaimbira a Mhone. Anafika pa njinga yamoto, anayang'ana dzenje, anatsikira kukasupe, anabwerako mathalauza ali matope okhaokha.

"Malire aja munayenda?"

"Ayi, bwana. Mbali iyi sindinafike. Ndinakunamizani."

Anavula magalasi n'kuwapukuta. "Nanenso ndinayenera kubwera ndekha mvula itangoyamba," anatero. "Koma amene anasaina ndi amene ayankhule. Ine ndiima pambali panu."

Teni koloko lole ya a Gondwe inafika itadzaza anthu: abusa awiri, amalonda a mumsika, amayi a mpingo atavala zoyera akuimba. Ena ananyamula mbande za mitengo zoti adzale m'malire. Ndinapempha kuti pemphero lisanayambe ndinenepo mawu. Ndinawauza kuti lipoti langa linali lolakwa, kuti madzi ali pafupi kwambiri ndi pamwamba, kuti kumunsi kuli chitsime chomwe sindinachione chifukwa sindinapiteko, ndipo kuti malowa sangakhale manda.

Nyimbo inali itasiya kale. Wina kumbuyo anaseka mowawidwa mtima. A Gondwe anandiyandikira mpaka ndinamva mpweya wawo.

"Mwana iwe, ukudziwa chimene wachita? Miyezi inayi tikulambula pano. Ine mwana wanga wamkazi anamwalira chaka chatha, ndinamunyamula pa lole yomweyi, ya simenti, ulendo wa tsiku lonse chifukwa kuno kunalibe pomuika. Mayi ake mpaka lero sanapiteko kukaona mtumbira. Ndiye iwe ukubwera ndi tepi yako lero?"

Ndinapepesa. A Mhone anangoti, "A Gondwe, tiyeni mukaone nokha."

Gulu lonse linatsikira kumunsi. Anasuzumira m'dzenje mmodzimmodzi, kenaka anadutsa m'njira imene ndinathyola m'thengo muja. Pa kasupe, Nyalongwe anatsuka kapu ya pulasitiki, anatunga madzi, anagwada pang'ono n'kupatsa a Gondwe monga amachitira ndi mlendo aliyense. Iwo anaigwira kapuyo, anatembenuka kuyang'ana kumtunda kumene kunali maenje, kenaka anamwa. Anathokoza mayiyo m'chinenero chawo, anakwera chitunda n'kukaliza lole.

Ndinalandira kalata ya chenjezo, ndipo inandiyenera. Sabata yotsatira a Mhone anandituma kumalo a paphiri, mvula ikugwa. Ndinayenda malire onse ndi a Kamanga, nyumba iliyonse yoyandikana nawo ndinafunsa kumene amatunga madzi m'dzinja ndi m'chilimwe, iwo akumasulira liwu lililonse. Mapiki awiri anathyoka pokumba maenje, koma pansi panali pouma. Kukonza mapepala ndi njira kunatenga miyezi yambiri. M'miyezi imeneyo munamwalira dalaivala wina wa minibasi, mnzawo wa alamu anga, ndipo thupi lake analitengera kutali kwawo, ana ake aang'ono osapita nawo. Ndinaima pa depoti galimoto ikunyamuka, ndikudziwa kuti ndikanalowa m'thengo lija mu Okotobala, mwina manda a paphiri akanakhala atatsegulidwa kale.

Kontrakiti anandionjezera, sindikudziwa kuti a Mhone ananena chiyani. Kuyambira pamenepo sindisainira malo amene sindinawaone mvula ili pakati, ndipo chimene sindinachione ndimalemba poyera kuti sindinachione. Mantha a tsiku limodzi olemba zimenezo ndi ochepa poyerekeza ndi a miyezi inayi.

Maliro oyamba a paphiri anali a mayi wina wogulitsa kaunjika, m'dzinja lotsatira. Ndinapita adzukulu akadali kukumba, akudandaula ndi miyala. Ndinapeza a Gondwe ataima pomwepo, chipewa chili m'manja. Anali asanandipatse moni chichokereni tsiku lija. Tinayang'ana limodzi m'dzenjemo.

"Miyala yachuluka, Nyaphiri," anatero.

"Yachulukadi, bambo."

Anatola dothi la pansi penipeni limene a Kamanga anali atangoponya kunja, analifinya m'dzanja, linayoyoka.

"Akazi anga akuti tsiku lawo likadzafika, ndisadzawakweze lole," anatero. "Akuti muno mwakwana."