Maginito a Agogo a Mulipa

Ndikamva fungo la chitsulo chamoto chikumizidwa m'madzi, mtima umabwerera kuseri kwa nyumba ya amayi, m'mudzi mwathu m'munsi mwa phiri la Michesi, pamene agogo anga a Mulipa anali ndi chipala chawo. Kunkacha ndi kulira kwa nyundo pa chidutswa cha njanji chimene anachikwirira pansi, utsi wa makala unkakwawa pansi pa denga la udzu n'kumatiyabwa m'maso, ndipo mivukuto yawo iwiri ya chikopa cha mbuzi inkapuma mosinthana ngati munthu wokwera chitunda atasenza nkhuni. Ankasula makasu, nkhwangwa ndi zikwakwa. Anthu ankawalipira ndi chinangwa, iwo n'kuchisenda, kuchiyanika padenga mpaka chisanduke makaka, n'kuchithira m'nkhokwe yawo imene inali yaikulu kuposa zonse pamudzipo.

Agogo anali obwera. Anathawa chibalo kwa Apwitikizi ali mnyamata, anagwira thangata m'minda ya tiyi, kenako anakwatira agogo aakazi n'kukhala mkamwini pamudzi pathu. Chinyanja chawo chinali cha lilime la Chilomwe mpaka kukalamba, moti pondiitana ankati "pwera kuno", ine n'kumaseka. Agogo aakazi atamwalira, mwambo unali woti abwerere kwawo, koma kwawoko kunalibe wowadikira. Amalume a Wilisoni, mwana wa akulu awo a malemu agogo aakazi, ndiwo anali eni mbumba, ndipo anawalola kukhala chifukwa mudzi wokhala ndi wosula suvutika makasu.

Ine ndinali ndi zaka zisanu ndi zinayi. Abambo anali ku Joni ndipo makalata awo anali atasiya kubwera, choncho amayi akapita kumunda ndinkakhala pachipala. Agogo ankanditchula "mkazi wanga", monga amachitira agogo aamuna ndi adzukulu awo, ndipo ankakonda kundifunsa mafunso opanda pothawira. Ankati palibe chinthu chimene chimanyamuka chokha, chiliponso china chochikankha kapena kuchikoka. Ankakweza nyundo m'mwamba n'kundifunsa ngati khasu laphwatalala, ndikakana ankaigwetsa kuti phwa, n'kunena kuti mphamvu ya nyundo ndi yogwira, isanakhudze ilibe ntchito. Akanola chikwakwa ndi tupa ankandigwiritsa kuti ndimve kutentha kwake, n'kundiuza kuti zinthu ziwiri zikakhulana zimakanizana, ndipo kukanizanako n'kumene kumandiletsa kuterereka ndikamatsika kumtsinje. Koma bango likagwa mumtengo wa mango ankaima ntchito n'kundiyang'ana.

"Walikhudza ndani limenelo?"

Ndinkati mphepo, iwo n'kuloza masamba amene anali du. Ankati dziko limakoka chilichonse ngakhale lisanachigwire, ndipo kuti pali mphamvu zina zimene zimagwira ntchito zili patali.

Umboni wawo unali maginito. Chinali chitsulo chakuda, cholemera, chopindika ngati chibangili chosakumana nsonga, ndipo anachichotsa mu injini ya lole yakufa imene mzungu wa kumunda wa tiyi anaitaya kutchire. Sankachibisa. Chinkalendewera pamzati wa chipala, atachipingasa ndi msomali waukulu pansonga zake, akuti kuti mphamvu isaonde. Madzulo ankachiyendetsa pamwamba pa dothi, fumbi lonse la chitsulo n'kudumphira m'mwamba n'kuima pansonga pake ngati ndevu. Anandionetsa kuti chimakoka msomali kudzera m'tsamba la nthochi, kudzera m'nsalu, ngakhale kudzera m'lichero, koma kuti mkanda, mwala ndi waya wa mkuwa chimazinyalanyaza. Tsiku lina anakhula singano pa maginitowo, anaigoneka pakatsamba m'phale la madzi, ndipo katsambako kanatembenuka pang'onopang'ono mpaka nsonga imodzi inaloza ku Michesi, ina kumene kuli nyanja ya Chilwa. Ndinakazunguza ndi chala kangapo, koma kankabwerera pomwepo. Nditafunsa chifukwa chake anati sakudziwa bwino, kungoti dziko nalonso liyenera kuti lili ndi maginito ake m'mimba.

Anthu a pamudzi ankachidziwa chitsulocho. Chaka china amalume a Wilisoni anaima pafupi kwambiri agogo akusula khasu lawo, ndipo kachitsulo kanathetheka n'kulowa m'diso mwawo. Diso linafiira ngati la nkhuku yozinga, misozi ili chuchuchu, amayi ena akuti aliuzire, ena akuti alinyambite ndi lilime. Agogo anawakhazika pansi, anatsegula chikope ndi zala ziwiri, anasendeza maginito pafupi osakhudza diso, ndipo kachitsulo kaja kanatuluka n'kumamatira pansonga. Amalume anakaona ndi diso lawo labwinolo. M'mawa mwake anatumiza tambala wothokozera.

Kenako kunabwera chaka cha njala ija ya 1949. Mvula inagwa yodzalira, chimanga chinamera mpaka m'mawondo, n'kuleka. Masana alionse mitambo inkaunjikana pamutu pa Michesi, yakuda, ikugunda, amayi n'kuthamangira kukaanula ufa, koma pofika madzulo mphepo inkaimwaza ndipo thambo linkayeranso kuti mbee. Chimanga chinapota masamba ngati anyezi. Mtsinje unauma moti tinkakumba mumchenga n'kumadikira madzi kuti adzadze chikho chimodzi. Pamenepo anthu anayamba kufunsana kuti akumanga mvula ndani.

Chimene ndinachita ine ndi ichi. Kumtsinje kuja, Dolika, mwana wa amalume a Wilisoni, ankandinyoza tsiku lililonse kuti abambo anga anapeza mkazi wina ku Joni ndipo ife tinatayidwa. Tsiku lina ndinaba maginito pamzati, ndinawakulunga m'nsalu yanga, n'kutenganso misomali itatu ndi lichero la amayi. Atsikana atasonkhana podikira madzi, ndinayala misomali palichero, dzanja lokhala ndi maginito lili pansi mobisika, ndipo misomali inayamba kuyenda yokha, kuzungulira, kuima chilili. Onse anakuwa n'kubwerera m'mbuyo. Dolika anatuwa milomo. Zinandikomera kwambiri kumuona akuopa, moti ndinawonjezera bodza. Ndinati agogo anandiphunzitsa kuyendetsa zinthu osazikhudza, ndipo kuti iwo ngakhale mitambo amaiyendetsa ndi singano yawo ya m'phale.

Madzulo ndinabwezera maginito pamzati, koma Dolika anali atakanena kale kwa abambo ake. Panapita masiku atatu. Tsiku lachinayi lake masana, dzuwa likuswa mtengo, anthu anadzaza pabwalo la chipala, amuna kutsogolo, akazi kumbuyo, amalume a Wilisoni ali pakati. Panalinso aphunzitsi a pasukulu ya mishoni imene ndinali nditangoyamba kumene, bambo wa malaya oyera ndi njinga, amene anaima chapatali pamthunzi. Amalume anandiitana n'kundifunsa pamaso pa onse ngati n'zoona kuti agogo amayendetsa zinthu osazikhudza. Ndinayang'ana amayi, amayi anayang'ana pansi. Ndinavomera. Anafunsanso ngati pali singano imene imaloza kuphiri kumene kumachokera mvula. Ndinavomeranso, chifukwa zinali zoona. Za mitambo sanandifunse, ndipo ine sindinatsegule pakamwa kunena kuti ndinanama.

Agogo sanakwiye. Anapachula maginito pamzati n'kuyamba kufotokoza monga ankafotokozera kwa ine, za mphamvu yogwira ndi mphamvu ya patali, za bango logwa lokha, Chinyanja chawo chikupunthwa chifukwa cha changu. Anati chitsulocho sichikoka ngakhale dontho la madzi, nanga mtambo chingaukoke bwanji. Anachimiza m'phale n'kuchitulutsa kuti onse aone. Kenako anachitambasulira kwa anthu.

"Gwirani nokha. Aliyense amene angachigwire chimukokera msomali, ngakhale mwana, ngakhale inu a Wilisoni amene chinakuchotsani chitsulo m'diso."

Palibe amene anatambasula dzanja. Agogo anatembenukira kwa aphunzitsi aja n'kuwapempha kuti anene ngati zimenezi mulibe m'mabuku awo. Aphunzitsi anakonza kolala, anati iwo angobwera kudzaonerera ndipo nkhani za pamudzi sangalowerere, n'kukankha njinga yawo kumapita.

Amene anayamba kumenya sindinamuone. Ndinangomva mivukuto ikung'ambika, denga la chipala likugwa, ndi mawu a mpini ukugunda munthu, mawu amene safanana ndi china chilichonse. Agogo anatchinga mutu ndi dzanja lamanja, dzanja la nyundo, ndipo linathyoka pamwamba pa mfundo. Amayi anadziponya pamwamba pawo akulira, ndipo n'chifukwa chake sanaphedwe. Amalume anatola maginito ndi mbaniro, osawakhudza ndi manja, anawaponya pamakala a moto n'kuunjikapo udzu wa denga, akuti mankhwala ake apse. Analamula kuti dzuwa la mawa lisawapeze agogo pamudzipo.

M'mawa ananyamuka, dzanja atalimanga ndi timitengo ndi luzi, atanyamula kathumba ka makaka kamene amayi anawapatsa. Ndinawatsatira mpaka pamphambano ya njira yopita kumalire a dziko la Apwitikizi. Ndinawauza zonse, za lichero, za Dolika, za mitambo, ndikulira. Anandimvetsera mpaka ndinamaliza.

"Unalakwa kunama, mkazi wanga," anatero. "Koma usadzinamizenso kuti akuluakulu onse aja amvera mwana. Bwerera, amayi ako ali okha."

Sanandigwire pamutu monga ankachitira. Anatembenuka n'kumapita, akuyenda chopendekera kumbali ya dzanja lothyokalo. Sitinamvenso za iwo. Wina anati anawaona ali gone pansi pa mtengo chakufupi ndi malire, wina anati anawoloka. Manda awo sitikuwadziwa.

Mvula sinabwere. Patapita masiku ndinafukula maginito aja paphulusa, ndinawapukuta n'kuwasendeza pa msomali, koma msomali unangokhala. Moto unali utawasandutsa chitsulo wamba. Nkhokwe ya agogo inatsegulidwa sabata yomweyo, amalume akugawa makaka nyumba ndi nyumba, akuti chuma cha mfiti chimabwerera kwa eni mudzi.

Patatha zaka zinayi, aphunzitsi omwe aja anajambula pabolodi chitsulo chopindika, n'kutiuza kuti tibwereze pambuyo pawo kuti maginito amakoka chitsulo popanda kuchikhudza. Ndinaimirira n'kuwafunsa chifukwa chimene sananenere zimenezo tsiku lija pachipala. Anandikwapula zikoti zisanu chifukwa cha mwano, n'kupitiriza phunziro.

Ndinakula, ndinakhala mphunzitsi inenso, ndipo mutu wa mphamvu zokhudza ndi zosakhudza ndinauphunzitsa chaka ndi chaka mpaka ndinapuma ntchito. Ana ankaukonda. Ankasekerera misomali ikadumpha, ankakhula zipeso m'tsitsi n'kumatola tizidutswa ta mapepala, ndipo palibe ndi mmodzi yemwe amene anaopa.

Amalume a Wilisoni anakalamba kwambiri, ana awo atabalalika, ndipo ine ndi amene ndinkawapitira ndi phala m'matenda awo omaliza. Tsiku lina masana ndikuwamwetsa, ndinawafunsa ngati ankakhulupiriradi kuti agogo anamanga mvula. Anakankhira supuni ya phala pambali.

"Tonse tinkadziwa kuti n'chitsulo chabe," anatero. "Koma munthu mmodzi, wobwera, anali ndi nkhokwe yodzaza, ife tili ndi ana. Kupempha tinachita manyazi, chifukwa tinkadziwa kuti sitibweza."

Ndinawauza kuti agogo akanapereka akanangopemphedwa. Anavomera kuti inde akanapereka. Kenako anandiyang'ana n'kunena kuti ndisaiwale kuti nyumba ya amayi inalandira mitanga iwiri.

Sindinaiwale. Amayi anasinja makaka amenewo akulira, ndipo ine ndinadya, ndinanyambita mbale, n'kupempha ena. Ana a m'midzi yoyandikana nafe anatupa miyendo n'kufa chaka chimenecho, koma pamudzi pathu sipanafe mwana ndi mmodzi yemwe, ndipo mpaka lero anthu a kwathu amanena monyadira kuti makolo athu anali anzeru posunga chakudya. Ine ndikamva zimenezo ndimangonyamuka n'kuchokapo. Ndili ndi zidzukulu ndi zidzukulutudzi, ndipo onsewo alipo chifukwa ndinapulumuka njala ija. Ndinawauza dzina la munthu amene anayanika chinangwacho, ndipo ndinawauzanso amene anavomera kawiri pabwalo paja.